A Ndigwireko, Mmisiri wa Ndodo ndi Zikuku

Kuseri kwa chipatala chachikulu, pamene mpanda umakhota n'kusiya kanjira kopita kochapira zovala, panali shedi ya malata, yaitali ngati basi koma yopapatiza. M'menemo munkagwira ntchito mmisiri wowotcherera zitsulo amene aliyense, kuyambira madokotala mpaka alonda a pageti, ankamutchula kuti a Ndigwireko. Ntchito yawo inali ndodo zoyendera, zikuku za olumala, mabedi othyoka miyendo ndi tizitsulo topachikapo diripi. Munthu akasiya mwendo m'kati mwa mpanda, ankatuluka pageti n'kukhotera kumanzere, ndipo a Ndigwireko ankamulandira tepi ili m'khosi ngati telala, n'kumuyeza kuyambira m'khwapa mpaka pansi, osamufunsa kuti mwendowo wapita kuti.

Dzinali analitola ali mwana, ku Sande sukulu. Mphunzitsi wa tsikulo ankakalipira Tomasi ngati kuti Tomasiyo wakhala pabenchi lakutsogolo: munthu wanji wokana kukhulupirira mpaka atapisa chala pabala? Mwana wa wokhoma zidebe anakweza dzanja n'kunena kuti iye sakuonapo cholakwa. Mnzako wafa Lachisanu, mwamuika m'manda, ndiye Lamlungu anthu akuti akuyendayenda. Iyenso akanati ndigwireko kaye. Anamutulutsa panja, ndipo pomwe ankabwerera m'kalasi dzina lake lenileni linali litafa kale. Pa unyamata dzinali linawasautsa ndithu, chifukwa palibe mtsikana amene ankafuna kumveka kuti akuyenda ndi Ndigwireko.

Khalidweli analitengera kwa bambo awo, amene sankapereka chidebe kwa mwini wake asanachidzaze madzi n'kuchinyamula m'mwamba kuti aone ngati chikudontha. Mwanayo atakula anasiya zidebe n'kukaphunzira zowotcherera, koma mwambo sanausiye. Chikuku chilichonse ankayamba akhalamo okha n'kudzigwetsa nacho pakamtunda ka kuseri kwa shedi. Chikafika pansi magudumu onse ali m'malo, ndiye chinkapita kwa wodwala.

Komatu munthu asakunamizeni kuti a Ndigwireko anali osapemphera. Lamlungu lililonse ankakhala benchi lachitatu kumbali ya zenera, jekete ili yosita, ndipo zozizwitsa za m'Baibulo ankazikhulupirira zonse osasiyako n'chimodzi chomwe. Chimene ankazikondera n'chakuti zinali zogwirika. Akhate aja atachira anatumizidwa kuti akaonedwe ndi oyeza. Wakhungu uja atapenya, anthu anaitanitsa makolo ake kuti atsimikize kuti ndi yemweyo. Khamu litadya mkate panatsala makombo, ndipo panapezeka munthu wanzeru amene anawerenga madengu. Koma nkhani ya pamtima pawo inali ya nkhwangwa imene inagwera mumtsinje n'kuyandama. Ankati ena angakonde za akufa ouka, koma iwo chitsulo amachidziwa, akhala nacho moyo wonse, ndipo chitsulo sichiyandama chifukwa choti kwaya yaimba bwino. Ngati chinayandama, ndiye kuti Mulungu anagwiradi ntchito tsiku limenelo.

Chimene sankachimvetsa ndi chozizwitsa cha masiku ano, chochitikira m'chifuwa momwe mulibe mboni. Ndiye Mulungu, amene nthabwala amazidziwa, anawapatsa mkazi wa m'chifuwa.

Mkaziyo ankagwira ntchito kochapira zovala za chipatala. Anali wamfupi, wamikono yamphamvu, woseka ndi thupi lonse. Tsiku lina anabwera kushedi akukoka ngolo yonyamulira zofunda imene gudumu lake linaguluka. Anaima n'kumaonerera ntchito, ndipo pochoka ananena wopanda n'manyazi omwe kuti wamva mumtima kuti ameneyu ndiye mwamuna wake. A Ndigwireko anayankha kuti n'zodabwitsa kuti Mulungu wauza mbali imodzi yokha, pamene nkhaniyi ikukhudza anthu awiri. Mtsikanayo anati mbali inayo ndi yogontha. Anakwatirana chaka chisanathe, n'kubereka ana aakazi awiri.

M'nyumba mwawo munali mtendere, kupatula pa nkhani imodziyi. Mayi ankamva. Ankamva kuti asakwere basi iyi, adikire inayo. Ankamva kuti m'bale wina wakutali akudwala. Ankamva kuti mwana wamkulu ali ndi chibwenzi, ngakhale kuti ichi aliyense mumsewu wawo ankachiona ndi maso. Popemphera ankati pachifuwa pakutentha, Mzimu wafika. Pamenepo a Ndigwireko ankadzuka mwakachetechete, n'kusungunula soda m'kapu, n'kuwaikira pambali. Ankati chimenecho n'chilungulira, ndipo chimachuluka masiku amene mayi akazinga anyezi wambiri. Mayi ankawakumbutsa za ophunzira awiri aja amene mitima yawo inatentha panjira. Bambo ankati anthuwo anayenda mtunda wautali osadya, nanga akanamva chiyani, komanso pamapeto pake anamuona munthuyo ndi maso atakhala nawo patebulo. Mayi ankati nanga mneneri uja anamva kamawu kakang'ono kuphanga. Bambo ankati yemweyo anayamba watsitsa moto pa nkhuni zonyowa anthu akuona, ndiye munthu wotero akanena kuti wamva kamawu, umamukhulupirira. Mkangano unkatha mayi akamwa sodayo, osati chifukwa chogonja, koma chifukwa chosafuna kutaya zinthu.

Mavuto enieni anabwera ndi mlamu wawo, mlongo wamng'ono wa mayi. Ameneyu anayamba ndi kuphunzitsa anthu kuyendetsa galimoto, kenako kugulitsa mankhwala ochepetsa thupi, kenako analota maloto n'kudzuka ali mneneri. Anapeza holo pamwamba pa sitolo ya matayala, anagula suti yoyera ndi zokuzira mawu zazikulu kuposa chitseko, ndipo anthu anayamba kukwera masitepe. Mayi ankapitako masana Lamlungu akaweruka kutchalitchi kwawo. Ankati m'mawa amakadya, masana amakakhuta.

Tsiku lina mneneri anatulukira kushedi, akuponda mosamala kuti nsapato zisade, n'kufunsa ngati alamu ali ndi ndodo zakale zopanda ntchito. Ankafuna kuzipachika pakhoma kuseri kwa guwa, kuti anthu akamalowa chikhulupiriro chizidzuka. A Ndigwireko anafunsa ngati eni ndodozo sayenera kuyamba achira kaye. Mneneri anati zimenezo n'za dongosolo chabe, machiritso ali m'njira, ndodo zingotsogola. A Ndigwireko anatsitsa chigoba chawo chowotcherera kumaso n'kugunditsa chitsulo, ndipo mneneri anathawa moto wothetheka poopa suti.

Mwa makasitomala awo akale munali mayi wina telala, amene poliyo anamupinda mwendo wakumanzere ali wakhanda. Ndodo zake a Ndigwireko anazipanga mwapadera: ina yaifupi pang'ono, zogwirira zake zokulunga ndi mphira ya chubu kuti m'manja musachite matuza, popeza manjawo ndiwo ankadyera. Lolemba lina m'mawa telalayu anafika kushedi atanyamulidwa panjinga ndi mng'ono wake, bondo lili ndi bandeji, ndodo palibe. Dzulo lake anapita kwa mneneri. Anamunyamula pamasitepe, anamupempherera, nyimbo inakwera, iye anaponya ndodo n'kuyamba kuyenda. Anaponda kasanu n'kawiri, ndipo kachisanu n'chitatu anagwera pa kiyibodi. Pomwe ankamudzutsa, ndodo zinali zitakwera kale pakhoma, ndipo othandizira mneneri anamuuza kuti kuzitenganso n'kubweza mdalitso.

A Ndigwireko anazimitsa makina, anaika makwerero paphewa, n'kuyenda nawo pakati pa tauni dzuwa lili pamutu, ovololo ili m'thupi.

Anapeza mapemphero a masana ali m'kati, a anthu a m'maofesi amene amabwera kudzalira pa nthawi ya nkhomaliro n'kubwerera kuntchito maso ali gwa. Anadutsa pakati pa mipando makwerero akugunda mababu, anawatsamiritsa kukhoma kuseri kwa guwa n'kukwera. Woimba kiyibodi anasiya. Mneneri anatembenuka maikolofoni ili pakamwa, moti zonse zimene zinanenedwa zinamveka mpaka pansi kwa ogulitsa matayala.

"Alamu, mukutani pamalo oyera?"

"Ndikutenga miyendo ya munthu, alamu. Akuifuna, ali ndi madiresi a ukwati oti amalize."

"Mayi uja anachira. Mpingo wonse unaona."

"Ndiye abwere yekha adzakuuzeni. Koma kuti abwere, afunika ndodozi."

Ali pamwambapo anaona ndodo zina khumi ndi ziwiri. Zisanu ndi zitatu anazizindikira, chifukwa mmisiri amadziwa msoko wake ngati mmene mayi amadziwira kulira kwa mwana wake. Anadziwanso eni ake, ndipo atatu mwa iwo anali atabwera kale kushedi kudzapangitsa zina, akunena kuti zakale zinabedwa. Zinayi zotsalazo zinali zatsopano, mphira zake zisanagundepo pansi, ina ikadali ndi kapepala ka m'sitolo. Ichi anachinenanso mokweza, osati mwachipongwe, koma ngati munthu amene akungotchula zimene akuona. Anatsika ndi ndodo ziwiri za telala, anapepesa mayi wina amene anamugunda ndi makwerero pachipewa, n'kutuluka.

Pobwerera ankayembekezera kupeza munthu wokwiya, woti atukwane naye limodzi. Anamupeza telala atakhala pabenchi akuseka ndi mng'ono wake. A Ndigwireko akumangitsa mabawuti a ndodozo, mayiyo anawauza kuti asamuone ngati chitsiru. Chibadwire sanapondepo pansi popanda chogwira, koma dzulo anaponda kasanu n'kawiri, ndipo pa nthawi imeneyo anamva ngati wina wamugwira m'chiuno mofatsa, mmene amagwirira mwana wophunzira kuyenda. Anatinso kuyambira ali mtsikana ankadzuka ndi mkwiyo, kukwiyira mwendo, kukwiyira mayi ake amene sanamubayitse katemera, koma lero wadzuka waufunafuna mkwiyowo osaupeza.

"Nanga mwendo?" anafunsa a Ndigwireko.

"Mwendo ndi womwewo, bambo. Mwinanso waipirako."

"Ndiye chachira n'chiyani?"

"Ineyo."

A Ndigwireko anayang'ana bondo, anayang'ana nkhope, n'kumuuza kuti asamaponde kwambiri kumanzere mpaka bala litapola. Koma nkhaniyi inawakhala pakhosi ngati munga wa nsomba kwa zaka zambiri. Ya mneneri inali yosavuta, bodza ndi bodza. Telala yekhayu sankanama, ndipo zimene ananenazo sizinkakwana m'bokosi lililonse la m'mutu mwawo.

Kunyumba mayi sanawayankhule masiku asanu ndi anayi. Chakudya chinkangopezeka patebulo, ngati chabwera ndi akhwangwala. Tsiku lakhumi mayi anati apemphera ndipo amva kuti awakhululukire. A Ndigwireko anati aka n'koyamba kuti agwirizane ndi zimene mayi amva.

Zaka zinapita. Mwana wamkulu anakwatiwa ndi chibwenzi chake chija n'kusamukira kutali. Wamng'ono, amene mayi anamva kuti adzakhala namwino, anakana za unamwino n'kutenga chigoba chachiwiri m'shedi, ndipo pasanapite nthawi msoko wake unkaposa wa bambo ake, ngakhale kuti bambowo anavomera izi kamodzi kokha, ndipo motsitsa mawu.

Mayi anagwa Lachiwiri lina m'mawa, akupinda zofunda kuntchito, kutatsala chaka chimodzi kuti apume. Sitiroko inatenga dzanja lamanja, mwendo wamanja ndi mawu, pakamwa n'kupotoka. Munthu amene ankayankhula kuyambira podzuka mpaka pogona anatsala ndi mawu owerengeka, otuluka limodzilimodzi ngati madzi a pampopi wouma. M'nyumba munakhala chete, ndipo a Ndigwireko, amene kwa zaka makumi atatu ankalakalaka kachete pang'ono, anapeza kuti sakukafuna.

Anapanga chikuku. Anthu amene anachiona amati sanapangepo china chotero. Anachiyeza pathupi la mayi mbali zonse, anaika chotsamira dzanja chachikulu kumanja kuti lisamagwe, mabuleki onse awiri anawabweretsa kumanzere, ndipo telala uja anasoka khushoni yofiirira yokhala ndi kathumba ka buku la nyimbo. Chimenechi sanadzigwetse nacho kamodzi pakamtunda paja, anadzigwetsa nacho kasanu.

Anapempheranso. Anagwada m'shedi pakati pa zitsulo n'kumuuza Mulungu kuti moyo wawo wonse sanamuvutitsepo ndi zomvaimva, ndiye pano akupempha ntchito imodzi yokha, ya mtundu wakale uja: dzanja, mwendo, pakamwa. Anatchulanso kuti ndi mbali yakumanja, kuopa chisokonezo. Anati ngati Mulungu safuna phokoso, iwo sauza munthu. M'mawa uliwonse ankanyamula dzanja la mayi n'kulisiya m'malere kuti aone ngati yankho lafika. Dzanja linkagwa pabulangeti.

Anafika mpaka polola mlamu. Mneneri anabwera wopanda suti yoyera, atavala malaya wamba, ali ndi kabotolo ka mafuta. A Ndigwireko eni ake ndiwo anawagwira mayi m'khwapa n'kuwaimiritsa, mneneri akulamula mwendo kuti umve. Mwendo sunamve. Analamula katatu, mawu akunka nachepa, kenako anatuluka n'kukakhala pakhomo, n'kuyamba kulira ngati mwana, akungoti achemwali anga, achemwali anga. A Ndigwireko anamupititsira tiyi n'kukhala naye pomwepo, ndipo za ndodo zija sanatchule ngakhale liwu limodzi. Pambuyo pake ankati pa moyo wawo wonse sanadzigwirepo ngati tsiku limenelo.

Patapita miyezi isanu, Lachitatu lina cha m'ma leveni koloko m'mawa, a Ndigwireko ankawotcherera chopondera mapazi cha chikuku cha munthu wina. Sankapemphera. Ankaganiza za penti amene anatha ndiponso zoti magetsi angathime ntchito isanathe. M'chigoba mumakhala mdima, umangoona kamoto kobiriwira patsogolo pako. Ali mumdimamo anangodziwa kuti sali okha. Panalibe mawu. Panalibe kuwala kupatula kwa ntchitoyo. Koma katundu amene anamusenza miyezi isanu uja anapepuka, monga zimakhalira ukanyamula paipi yaitali wekha, wina n'kubwera kumbuyo mwakachetechete n'kugwira mbali inayo. Sanauzidwe kuti mayi achira. Anangodziwa kuti mayiwo akudziwika, mmene alili pachikuku pawo, ndiponso kuti iwo eni akudziwika, ndi ukali wawo womwe. Misozi inadzaza m'chigoba, galasi linachita nthunzi, ndipo msoko unatuluka wokhota ngati njira ya woledzera. Zonsezi zinatenga nthawi yochepa, yosakwana n'kuwiritsa madzi a tiyi.

Atavula chigoba anayamba kafukufuku. Anayang'ana kuseri kwa chitseko. Anafunsa mwana wawo ngati munalowa munthu, iye anati ayi, n'kufunsa chimene chawalowa m'maso. Anatsata waya wa makina kuyambira kukhoma mpaka kumapeto, poganiza kuti mwina magetsi anawagwirako pang'ono. Ananunkhiza botolo la gasi. Analowa m'chipatala n'kupempha namwino wodziwana naye kuti awayeze kuthamanga kwa magazi, ndipo namwino anati magazi awo ndi a mnyamata. Pomaliza, atatseka chitseko, anasungunula soda n'kumwa. Palibe chinasintha. Paipi ija inali yopepukabe.

Lachitatu lotsatira, nthawi yomweyo, anatenga chopondera china, anakhala pampando womwewo, anatsitsa chigoba n'kuyesa kuganiza za penti. Sipanachitike kanthu. Anayesa masabata anayi, mpaka m'shedi munadzaza zopondera zopanda zikuku, kenako anavomera kuti chinthuchi chilibe switchi. Ichi chinawakwiyitsa kwambiri.

A Ndigwireko anawauza mayi nkhaniyi patatha mwezi wathunthu, akuwamwetsa tiyi ndi supuni. Anafotokoza zonse maso ali m'kapu, mwa mawu a munthu amene akuulula kuti wagunditsa galimoto ya eni. Atamaliza anakweza maso n'kuona thupi la mayi likugwedezeka, nkhope itafiira. Anadzidzimuka poganiza kuti sitiroko yabweranso. Kunali kuseka, koyamba chigwereni, kotuluka mbali imodzi ya pakamwa. Mayi anakweza dzanja lamanzere n'kuloza kukabati, ndipo atalimbana nalo liwu kwa nthawi, linatuluka.

"So... da."

A Ndigwireko anati amwa kale, sizinathandize. Mayi anaseka mpaka tiyi anatayikira pachitenje.

Nkhani inatuluka kudzera mwa mwana wamng'ono uja, amene anauza mkulu wake pafoni, mkulu wake n'kuuza apongozi ake, ndipo pofika Lamlungu abusa anali atamva kuti a Ndigwireko aona mngelo m'shedi. Abusawo, munthu wofatsa amene anapirira mafunso a benchi lachitatu kwa zaka zambiri, anaona kuti nthawi yawo yakwana, n'kuwaitana kutsogolo kuti apereke umboni. Anthu ena anachita kuimirira kumbuyo kuti aone bwino.

A Ndigwireko anakonza jekete n'kunena kuti mngelo sanamuone, ndipo alibe chilichonse choti aonetse mpingo. Chinachitika chinachitika, koma akanakhala kuti wina ndiye wawauza, iwo sakanakhulupirira, ndiye sangapemphe anzawo kuti akhulupirire. Anthu anayamba kukhala pansi mokhumudwa. Koma iwo anapitiriza kuti poti apatsidwa mpata, pali nkhani ina yogwirika. Pakhomo la tchalitchichi pali masitepe asanu ndi limodzi. Sabata iliyonse akazi awo amanyamulidwa ndi amuna anayi ngati bokosi la maliro, diresi likukwera, anthu akuyang'ana kumbali. M'Baibulo muli amuna anayi amene anasasula denga la eni kuti alowetse wodwala, ndipo palibe anawakalipira. Iwo sakupempha denga, akupempha masitepe okha, ndipo adzakonza okha pamene aphwanya, kusiyana ndi anayi aja amene sizinalembedwe kuti anabweranso kudzafolera.

Akulu ampingo anasankha komiti. Komitiyo inakumana katatu n'kugwirizana za tsiku lodzakumananso. Loweruka lina m'mawa a Ndigwireko ndi mwana wawo anafika ndi nyundo yaikulu, wilibala ndi simenti, ndipo pomwe mlembi wa komiti ankafika kudzaletsa, theka la masitepe linali kale mulu wa miyala. Anamanga potsetsereka pabwino, pokhala ndi chogwirira chachitsulo mbali zonse. Pasanathe miyezi iwiri m'tchalitchi munkalowa zikuku zisanu, za akhristu amene aliyense ankaganiza kuti anasamuka kapena anagwa mphwayi. Abusa anati ichi n'chozizwitsa. A Ndigwireko anati ndi simenti.

Lachinayi lililonse ankawakankha mayi kupita kwa dokotala wa mafizo, mtsikana wamtali wosadziwa chisoni, amene ankapinda ndi kuwongola dzanja lakufalo, n'kuika kampira m'chikhatho n'kulamula kuti afinye. Chaka chathunthu kampirako kankangogubudukira pansi, a Ndigwireko n'kumatola. Tsiku lina atawerama kuti atole, akung'ung'udza kuti nawonso msana wawo ndi wa munthu, anamva khutu likuwawa. Chala chachikulu ndi cholozera za dzanja lamanja la mayi zinali zitagwira khutulo, ndipo sizinkasiya.

Mayi anatchula dzina la Yesu, momveka bwino kuposa liwu lina lililonse chidwalireni. A Ndigwireko, mutu utapendekeka, khutu likadali m'manja mwa eni, anati tiyeni tichite chilungamo: mtsikanayu wagwira ntchito padzanjali masabata makumi asanu, ndiye asamulande thukuta lake. Anatinso zakale zija zinkachitika nthawi imodzi, thupi lonse, pomwe izi zatenga chaka ndipo zabweretsa zala ziwiri. Mayi anafinya kwambiri. Dokotala analemba m'faili, n'kunena kuti iye alibe nazo kanthu kuti ulemu upita kwa ndani, bola abwerenso Lachinayi. Panjira yobwerera kunyumba a Ndigwireko anaima kawiri, n'kuzungulira kutsogolo kwa chikuku, n'kupereka chala chawo kuti mayi afinyenso. Ulendo wachiwiriwo anakhala chogwada pamsewu nthawi yaitali, mpaka woyendetsa lole anawaimbira hutala.

Mayi sanayendenso. Zala ziwiri zinakhala zitatu, zokwana kugwira kapu, kutembenuza masamba a buku la nyimbo ndi kuloza pamene sipanasesedwe bwino. Anakhala zaka zina zisanu ndi chimodzi, ndipo anamwalira masana ena ali pakhonde, wailesi ikuimba, bambo atalowa m'nyumba kukatenga juzi yawo.

Lero a Ndigwireko maso anafooka, moto wa zaka zonse zija unawadya pang'onopang'ono. Shedi akuyendetsa ndi mwana wawo, iwo amakhala pakhomo n'kumayeza makasitomala ndi kuwauza kuti asafulumire, ndodo imafuna kuzolowerana nayo. Mneneri uja anasiya uneneri mchemwali wake atamwalira, pano amagulitsa matanki a madzi, ndipo Loweruka lililonse masana amabwera kushedi kudzasewera makadi ndi alamu ake pamwamba pa diramu. Onse awiri amabera, wina chifukwa saona bwino, wina chifukwa cha chizolowezi, ndipo mwana wamkazi amawotcherera atawafulatira.